The Conversation Africa: tsamba limene limakhazika wasayansi ndi mkonzi pa mphasa imodzi

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikukonza mapulogalamu a zaumoyo ndi zaulimi pa wailesi ina ya m'dera, ndipo chimene chimandivuta kwambiri pa ntchitoyi si kusowa kwa nkhani ayi, koma kuti nzeru zambiri zimene asayansi amapeza m'dziko lathu lomwe lino zimakathera m'magazini a akatswiri okhaokha, m'Chingerezi chimene ngakhale munthu wophunzira bwino amachiwerenga akukanda m'mutu. Mu 2015, ofufuza amene ankagwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo pa ana odwala malungo a mu ubongo. Atawaunika ndi makina ojambula za m'kati mwa thupi otchedwa MRI, anapeza kuti ana ambiri amene amamwalira ndi matendawa amakhala kuti ubongo wawo watupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma. Madokotala a kumayiko akutali akuidziwa bwino nkhaniyi, koma ndikafunsa makolo amene amaimba foni pa pulogalamu yathu, ndi ochepa zedi amene anaimvapo, chikhalirecho ana amene anaunikidwawo ndi a konkuno.

Vuto limeneli ndi limene linandifikitsa pa tsamba la pa intaneti lotchedwa The Conversation Africa, limene ndakhala ndikuliwerenga pafupifupi sabata iliyonse pokonzekera mapulogalamu. Tsambali linayambira ku Melbourne m'dziko la Australia mu 2011, ndipo mmodzi mwa amene analiyambitsa ndi Andrew Jaspan, yemwe kale anali mkonzi wamkulu wa nyuzipepala ya The Age. Nthambi ya ku Britain inatsegulidwa mu 2013, ya ku America mu 2014, ndipo ya ku Africa kuno inayamba mu 2015 ku Johannesburg motsogozedwa ndi Caroline Southey. Si bungwe lofuna phindu. Ndalama zoyendetsera ntchito zimachokera ku mayunivesite, ku mabungwe othandiza ndi kwa owerenga akufuna kwabwino, choncho munthu salipira kanthu kuti awerenge, komanso sakumana ndi zotsatsa malonda zimene zimangotulukira pakati pa nkhani ndi kumaliza bandulo pa foni.

Chimene chimasiyanitsa tsambali ndi nyuzipepala wamba ndi chakuti olemba ake si atolankhani. Amene amaloledwa kulembapo ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, ofufuza a m'mabungwe a kafukufuku ndi ophunzira amene akuchita digiri ya udokotala wa maphunziro, ndipo aliyense amayenera kulemba za gawo limene iye ndi katswiri wake. Komabe katswiriyo sasiyidwa yekha. Amapatsidwa mkonzi, amene ndi mtolankhani wozolowera kulembera anthu wamba, ndipo awiriwo amaigwirira limodzi nkhaniyo, wina akuteteza kulondola kwa mfundo, winayo akuteteza wowerenga amene sanaphunzirepo phunzirolo. Nkhaniyo siituluka mpaka mlembi ataivomereza kuti ikunenadi zimene iye amafuna kunena. Kwa ine, mgwirizano umenewu ndiwo mtima wa tsamba lonseli, chifukwa umachiza matenda awiri amene ndawaona kambirimbiri: wasayansi akalemba yekha samveka, ndipo mtolankhani akalemba yekha nthawi zina amakokomeza mpaka kafukufuku wochitika pa mbewa za mu labu amasanduka mankhwala a khansa amene apezeka kale.

Momwe njirayi imasinthira kalembedwe ka munthu ndinazionera pafupi kwa alamu anga, amene amaphunzitsa pa yunivesite ina ndipo amafufuza za chuku chimene chimagwira mtedza. Ankafuna kutumiza ganizo la nkhani ku tsambali, ndiye anabwera kwathu Loweruka lina masana ndi mapepala awo kuti ndiwamvere. Ndime yawo yoyamba inayamba ndi mbiri ya kafukufuku wa ena, yachiwiri inafotokoza momwe anatolera mtedza woti auyeze, ndipo zimene anapeza zinabisala pa tsamba lachitatu. Titawerenga malangizo amene akonzi amapereka kwa olemba, akuti mfundo yaikulu ikhale kumayambiriro ndipo nkhani yonse isapitirire kwambiri mawu 800, alamuwo anakhala chete kwa kanthawi kenaka anati, "Alamu, zikatero ndiye kuti zonse ndalembazi ndaziimika chadodolido." Ndinawafunsa kuti amayi awo kumudzi atawafunsa chimene apeza angawauze chiyani, ndipo anayankha mosajejema kuti anthu asiye kuwaza madzi pa mtedza pofuna kuti usavute kusenda, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimakulitsa chuku chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo angathe kuyambitsa khansa yake. Chiganizo chimenecho, chimene anachinena akuseka ali chiimire pakhonde, ndicho chinakhala chiyambi cha nkhani yawo. Njira zoyezera ndi mayina a Chilatini zinatsikira m'munsi, zina zinachotsedwa, ndipo palibe choona chilichonse chimene chinatayika.

Ndinaphunzirapo kuti vuto la asayansi ambiri si kusadziwa kulankhula momveka, popeza kunyumba amalankhula bwinobwino, koma kuti maphunziro awo anawazoloweza kulemba mozungulira, kuyamba ndi zimene ena ananena, kutchinjiriza mfundo iliyonse, ndi kumalizira ndi zimene wowerenga wamba amafuna kumva poyamba. Kalembedwe kameneko kali ndi ntchito yake pakati pa akatswiri, chifukwa mnzako ayenera kuona momwe unayendera kuti athe kukutsutsa kapena kubwereza zimene unachita. Koma mlimi, mphunzitsi wa ku sekondale kapena phungu wa nyumba ya malamulo safuna kubwereza kafukufukuyo, amafuna kudziwa chimene chapezeka, kuchuluka kwa chikhulupiriro chimene angaikepo, ndi chimene iye angachite. Pa tsambali mlembi amalembera pa pulogalamu ya pa kompyuta imene imamuonetsa ngati ziganizo zake zatalika kapena mawu ake avuta, ndipo muyezo wake ndi wakuti wachinyamata wophunzira wa zaka 16 athe kumva. Muyezo umenewu ndi wanzeru, chifukwa suchepetsa wowerenga ngati mwana wamng'ono, komanso sumuyesa kuti anakhalapo m'kalasi la mlembiyo.

Chinthu china chimene ndimachiyamikira kwambiri ndi kabokosi kamene kamakhala pambali pa nkhani iliyonse, momwe mlembi amaulula kumene amagwira ntchito, amene amamupatsa ndalama za kafukufuku, komanso ngati ali ndi magawo kapena ubale ndi kampani imene ingapindule ndi zimene walembazo. Anthu ena amakadumpha kabokosika, koma ine ndimayambira pomwepo. Kafukufuku wambiri wa zaumoyo ndi zaulimi m'mayiko athu amayendera ndalama zochokera kunja, ndipo omvera athu amadziwa zimenezi, moti funso lakuti "amene wawatuma ndani" limabwera pafupifupi pa pulogalamu iliyonse yokhudza katemera kapena mbewu zamakono. Kubisa yankho la funso limeneli kumangodyetsa mphekesera. Kuliyankha poyera, ngakhale yankholo litakhala lakuti ndalama zinachokera ku bungwe lalikulu la ku America kapena ku Ulaya, kumapatsa munthu mpata woti ayeze yekha, ndipo ndaona kuti anthu amalemekeza katswiri amene wayamba wanena yekha zimenezi asanafunsidwe.

Nkhani zonse za pa tsambali zimatuluka ndi chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti nyuzipepala kapena tsamba lina lingathe kuzisindikizanso kwaulere, malinga litchule mlembi ndi kumene nkhaniyo yachokera, ndipo lisasinthe mawu ake. Ichi n'chifukwa chake nkhani yolembedwa ndi mphunzitsi wa ku Zomba kapena ku Bunda ingathe kupezeka m'nyuzipepala za ku Nairobi, ku Lagos kapena ku London popanda mlembiyo kukagogoda pa makomo onsewo. Mlembi amakhalanso ndi tsamba lake loona kuchuluka kwa amene awerenga nkhani yake ndi kumene yasindikizidwanso. Olemba salipidwa, ndipo ndikudziwa kuti kwa mphunzitsi amene ali ndi makalasi odzaza, mayeso oti achonge ndi malipiro osakwanira, kutaya masiku awiri kapena atatu pa ntchito yopanda ndalama si nkhani yaing'ono. Phindu lake limabwera mwa njira ina, monga kuitanidwa ndi atolankhani, kudziwika kwa amene amapanga malamulo, ndi kupeza anzake ofufuza nawo, koma phindu lotere silidziwika tsiku lake lobwera, ndipo si aliyense amene angakwanitse kulidikira.

Tsopano ndifike pamene tsambali limalekezera, chifukwa malire ake amakhudza kwambiri ife olankhula Chichewa. Nkhani zake zimatuluka makamaka m'Chingerezi ndi m'Chifalansa, ndipo zimafuna munthu wokhala ndi foni yamakono, bandulo ndi chizolowezi chowerenga nkhani yaitali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse ankakhala kumudzi. Ambiri mwa anthu amenewa, amene ndiwo amapereka magazi, makhololo ndi nthawi yawo ofufuza akabwera, nkhani amazimva pa wailesi, kutchalitchi, kumzikiti, kusikelo ndi pa misonkhano ya amfumu. Choncho The Conversation imachotsa nkhani m'manja mwa akatswiri n'kuifikitsa kwa anthu ophunzira a m'tauni, umene ndi ulendo waukulu ndithu, koma ulendo wochoka pamenepo kukafika pa mkeka wa mayi wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje umatsala m'manja mwa anthu ena.

Ulendo wotsalawo si wongotembenuza mawu, ndipo ndinazindikira zimenezi pa nkhani ya katemera wa malungo. Dziko la Malawi ndilo linali loyamba kuyamba kupereka katemera wa RTS,S kwa ana pa ndondomeko yoyeserera mu Epulo 2019, kenaka Ghana ndi Kenya anatsatira, ndipo bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza katemerayu mu Okutobala 2021. Zotsatira za kafukufuku wamkulu zinaonetsa kuti pa ana amene analandira katemerayu kanayi konse, kudwala malungo kunachepa ndi pafupifupi magawo 4 mwa magawo 10 pa zaka zinayi. Nditawerenga zimene akatswiri analemba mofewetsa, ndinadziona kuti ndamvetsa, ndipo pa wailesi ndinanena kuti katemerayu amateteza 4 mwa 10. Posakhalitsa mayi wina anaimba foni, mwana akulira chapafupi, nafunsa mwaulemu kuti, "Bambo, nanga ife tidziwa bwanji ngati mwana wathu ali m'gulu la anayiwo kapena la otsalawo?" Funso lawo linali lolondola kotheratu malinga ndi momwe ine ndinanenera, ndipo wolakwa ndinali ine. Tanthauzo lenileni si lakuti ana anayi atetezeka pamene asanu ndi mmodzi ataya nthawi yawo, koma kuti m'mudzi momwe ana akanadwala malungo ka 10, akalandira katemera adzadwala pafupifupi ka 6, ndiye chifukwa chake neti ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi sizisiyidwa. Sabata yotsatira ndinafotokozanso motero, ndi chitsanzo cha maulendo opita kuchipatala m'nyengo ya dzinja, ndipo mafunso amene anabwera anasintha, anthu anayamba kufunsa za miyezi yobayitsira ana.

Chimene ndinatolapo ndi chakuti nkhani imene yafewetsedwa m'Chingerezi imakhala isanafewe m'Chichewa, makamaka ikafika pa ziwerengero, pa mwayi woti chinthu chichitike, ndi pa mawu akuti "zikuoneka kuti" amene asayansi amawagwiritsa ntchito mwadala. Apa mpamene chilolezo chimene ndachiyamikira chija chimakhalanso ndi mbali yake yolemetsa. Popeza chimaletsa kusintha nkhani, aliyense wofuna kuimasulira ndi kuisindikiza m'chilankhulo china amayenera kupeza kaye chivomerezo. Ndikumvetsa chifukwa chake, pakuti kumasulira kolakwika kungaike m'kamwa mwa katswiri mawu amene sananene, ndipo pa nkhani za mankhwala cholakwika chaching'ono chingapweteke munthu. Komabe zotsatira zake ndi zakuti nyuzipepala ya Chingerezi imatenga nkhani lero n'kuitulutsa mawa, pamene wofuna kuitulutsa m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao amakhala ndi khomo lina loti adutse. Kukanakhala kuti olemba a kuno amalimbikitsidwa kukonzeratu chidule cha nkhani yawo m'chilankhulo cha anthu amene anawafufuza, n'kuchivomereza iwo eni, ntchito ya mawailesi a m'madera ikanapepuka kwambiri.

Lamulo lakuti olemba akhale a m'mayunivesite ndi m'mabungwe a kafukufuku nalonso lili ndi mbali ziwiri. Limateteza wowerenga kwa anthu odzitcha akatswiri amene adzaza pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo m'nthawi ya Covid-19, pamene uthenga wabodza unkayenda mothamanga kuposa matendawo, chitetezo chimenechi chinali chamtengo wapatali. Koma limatsekeranso kunja alangizi a zaulimi, alangizi a zaumoyo a m'midzi ndi anamwino, amene amadziwa zinthu zimene kafukufuku sanazilembe, monga chifukwa chimene neti zina zimakathera kudimba kapena kunyanja. Wowerenga azikumbukiranso kuti nkhani za pa tsambali zimakonzedwa ndi atolankhani, sizidutsa m'manja mwa akatswiri anzake a mlembiyo monga zimachitikira m'magazini a sayansi, ndipo zina mwa izo ndi maganizo a katswiri osati zotsatira za kafukufuku. Ine ndimayang'ana ngati mlembi waloza ku kafukufuku weniweni, ndimatsegula malo amene walozawo, ndipo nkhani ikakhala yokhudza mankhwala ndimafunsanso dokotala wa kuno ndisanaitengere pa wailesi. Monga momwe ndaonera powerenga, nkhani za ku South Africa, ku Kenya ndi ku Nigeria ndizo zimachuluka, pamene za Malawi, Zambia ndi Mozambique zimabwera mwa apo ndi apo, ndipo mbali ina ya vutoli ili kwa akatswiri athu amene salemba.

Ndimanena zimenezi ndi mtima wolemera chifukwa tinaona kale zimene zimachitika pamene sayansi ndi anthu wamba sakumvana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, ku Phalombe, ku Thyolo ndi m'madera oyandikana nawo, anthu angapo anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ndi alendo onyamula zida zachilendo ankayenda mwamantha. Mphekeserazo zinali ndi mizu yambiri, yokhudza umphawi ndi kusakhulupirira akuluakulu, ndipo sindikunena kuti nkhani za pa intaneti zikanaziletsa. Koma m'dziko limene kutenga magazi kungadzutse mantha otere, wofufuza aliyense amene amatenga magazi a mwana ali ndi ngongole yobwerera kukanena chimene anapeza m'magaziwo, m'mawu amene kholo lingamve. Pa kafukufuku wa katemera wa tayifodi amene anayamba mu 2018 ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, makolo anapereka ana pafupifupi 28,000, katemerayo anaonetsa kuti amachepetsa matendawa ndi magawo pafupifupi 8 mwa 10, ndipo mu 2023 dziko linayamba kumupereka kwa ana onse. Makolo amenewo ndi eni ake a zotsatirazo mofanana ndi madokotala amene mayina awo ali pa mapepala.

Njira yobwezera ngongole imeneyi ilipo kale kwathu kuno. Bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome linayambitsa pulogalamu ya Chichewa yotchedwa Umoyo Nkukambirana pa wailesi ya MBC, momwe ofufuza ndi madokotala amafotokoza ntchito yawo ndi kuyankha mafunso a omvera. Ndikayerekeza njira ziwirizi, ndimaona kuti sizikupikisana. Wailesi imafika kutali ndipo imalola womvera kubweza mawu, monga anachitira mayi uja, koma mawu a pa wailesi amauluka ndi mphepo, pamene nkhani yolembedwa imakhalapobe, munthu angathe kuibwereza, kuitumiza kwa mnzake, ndi kuitsegula patapita zaka. Wasayansi amene wadutsa m'manja mwa mkonzi wa The Conversation amabwera pa wailesi atapeza kale mfundo yake imodzi yaikulu ndi chitsanzo chake, ndipo kucheza naye kumakhala kosavuta kusiyana ndi amene wabwera ndi mapepala 30 a lipoti.

Kwa mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, kwa mtolankhani, kwa wophunzira wa pa yunivesite ndi kwa aliyense amene amawerenga Chingerezi bwino, tsambali ndi loyenera kulisunga pa foni, ndipo kalata yake ya pa imelo imathandiza kuona mitu ya nkhani popanda kuwononga bandulo yambiri. Kwa akatswiri a m'mayunivesite athu a UNIMA, KUHeS, LUANAR, MUBAS, MZUNI ndi MUST, pempho langa ndi lakuti mulembe, ndipo nkhani yanu ikatuluka musaimire pomwepo. Lembani ndime ziwiri kapena zitatu m'Chichewa kapena m'chilankhulo cha dera limene munafufuzako, muziwerengere munthu wina wa kunyumba kwanu amene sanafike ku koleji kuti akuuzeni pamene sanamve, ndipo mukatero muzitumize ku wailesi ya m'deralo pamodzi ndi nambala yoti tikuimbireni. Alamu anga anachita zimenezi nyengo yokolola mtedza isanafike, ndipo pa pulogalamu imeneyo mafoni anachuluka moti tinawapempha kuti abwerenso sabata yotsatira kudzayankha funso limene alimi ambiri anafunsa, lakuti mtedza wachuku umene ausankha padera angaupatse nkhuku kapena autaye.